Lachisanu usiku: toti zochepa, kabuku ka mitengo kakatali

Ndafika kunyumba koma tulo sitikubwera, ndiye ndati ndilemberetu zinthuzi zisanauluke m'mutu. M'kamwa mukadali kafungo ka utsi ngati ndimakoleza moto ndi nkhuni zaziwisi.

Za masana palibe chonena: ntchito, ndi msonkhano wa maola awiri womwe ukanatha ndi uthenga umodzi wa pafoni. Cha m'ma 4 koloko alamu anga anaimba. "Alamu, lero mundiperekeza. Ndapeza bala ina yokhala ndi ma single malt ambiri, ndikufuna mukaone ndi maso anu." Iwowa ndi munthu wa wisiki, koma osati woledzera ayi. Amatha kukhala ndi toti imodzi ola lathunthu, akuinunkhiza ngati ili ndi nkhani yoti iwauze. Ine za wisiki ndimangodziwa Johnnie Walker, nayonso ya pa maphwando.

Bala yake ndi yaing'ono, yowala pang'ono, nyimbo zapansipansi. Kuseri kwa kauntala kuli mashelefu anayi, mabotolo ndandanda mpaka kudenga, ndipo pakona pali kamakwerero kokwerera shelefu yapamwamba. Nditangoona kamakwereroko ndinadziwa kuti kumwambako si kwathu. Bamani, mnyamata waulemu wovala malaya akuda, anatipatsa kabuku ka mitengo. Ndimayembekeza kuti ayamba ndi zotchipa n'kumakwera. Ayi ndithu, anasanja potsata madera a ku Scotland: Speyside, Highland, Lowland, Islay ndi Campbeltown, kenako tsamba lomaliza la Japan, Ireland, India ndi Taiwan. Kotero yotchipa ndi yodula zagona moyandikana, mzere uwu mtima uli m'malo, mzere wotsatira mtima phaa.

Ndinafunsa funso la mlendo: kodi single malt ndiye kuti yachokera mu mgolo umodzi? Alamu anapukusa mutu. Ati "single" akutanthauza fakitale imodzi yotchezera, "malt" ndi chimera cha balere. Migolo imatha kukhala mazanamazana, bola yonse ndi ya fakitale imodziyo. Malamulo a wisiki ya ku Scotland a chaka cha 2009 amati ipangidwe ndi madzi ndi chimera cha balere basi, aitcheze m'miphika yotchezera yotchedwa pot still, ikhale m'migolo ya mtengo wa thundu ku Scotland komweko zaka zosachepera zitatu, ndipo mphamvu yake m'botolo isatsike pa 40 peresenti. Johnnie Walker yangayo ndi yosakaniza, ya mafakitale ambiri, ndipo muli ndi wisiki ya mbewu zina. Anawonjezera kuti nambala ya zaka yolembedwa pa botolo ndi ya wisiki yaing'ono kwambiri imene ili m'menemo. Ngati alemba 12, mungakhale ya zaka 15 kapena 20, koma ya zaka 11 simungakhale ngakhale dontho.

Tinayamba ndi Glenfiddich 12, yomwe inali m'gulu la zotchipa zedi m'kabukumo. Alamu anati tiiyese mlingo, zina zonse tiziyerekeza ndi iyo. Bamani anathira m'timatambula ta mimba yotakata ndi kukamwa kopapatiza, n'kuika kajagi ka madzi pambali. Nditapempha ayezi, alamu anandiyang'ana ngati ndatukwana apongozi. Bamani anangoti, "Bwana, wisiki ndi yanu, mumwa mmene mukufunira. Koma yambani mwalawa ili chomwechi, ayezi sathawa." Ndinalawa. Yofewa, yonunkhira ngati zipatso zosapsetsa, yosavutitsa pakhosi. Fakitale yake ili ku Dufftown m'dera la Speyside, anaiyambitsa William Grant, ndipo dontho loyamba linatuluka pa Khirisimasi wa 1887. Alamu ati anthu amenewa ndiwo analimba mtima m'chaka cha 1963 kuyamba kugulitsa single malt kunja kwa Scotland, nthawi yomwe pafupifupi wisiki yonse ya chimera inkathera mosakaniza. Glenfiddich 12 imatchipa chifukwa amapanga yambiri ndipo imapezeka paliponse, osati chifukwa ndi yoipa.

Mzere wa pansi pake panali Glenfiddich 18. Zaka zangowonjezekapo zisanu ndi chimodzi, koma mtengo unali woposa kawiri. Apa ndipo ndinayamba kukangana nawo. Ndinati ngati zaka zakwera ndi theka, mtengo nawo ukwere ndi theka, zinazo ndi kutibera.

Bamani anaseka n'kundifunsa ngati ndinamvapo za gawo la angelo. Mgolo wa thabwa umapuma, ndipo ku Scotland chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya zomwe zili mkatimo zimauluka. Ndinatulutsa foni n'kuwerengera pomwepo. Pakatha zaka 12, gawo limodzi mwa magawo asanu lapita. Pa zaka 18, pafupifupi 30 peresenti. Pa zaka 25, 40 peresenti, angelo aledzera kale. Ndiye muonjezepo kuti zaka zonsezo mgolowo wangokhala m'nyumba yosungira, sukubweretsa kanthu, pomwe mwini wake analipira kale balere, moto ndi antchito. Komanso si mgolo uliwonse umene umakalamba bwino. Ina thabwa limaiposa mphamvu, wisiki n'kuyamba kuwawa, ndiye imene imafika zaka 18 ili bwino ndi yosankhidwa. Ndinavomera, koma theka lokha.

Theka linalo linabwera titafika pa Macallan 18, yomwe toti yake imodzi inali yokwana toti zisanu ndi ziwiri za Glenfiddich 12 wathu uja. Zaka zomwezo 18, dera lomwelo la Speyside, nanga kusiyana konseku? Alamu anamwetulira n'kunena kuti mtengo wa wisiki umachokera ku mtengo. Zinanditengera kanthawi kuti ndimve kuti akunena thabwa la mgolo. Migolo yambiri ku Scotland imachokera ku America, chifukwa lamulo la kumeneko limati bourbon, wisiki ya kwawoko, ikhale mu mgolo watsopano wowauka mkati, ndiye akagwiritsa ntchito kamodzi amaigulitsa motchipa. Imeneyi imapereka kafungo ka vanila ndi mtundu wotuwira ngati uchi. Koma migolo yomwe munakhala vinyo wa sherry wa ku Jerez, ku Spain, ndi yosowa ndipo imadula kangapo. Imapereka mtundu wofiirira ndi kukoma kwa zipatso zouma. Macallan inatchuka ndi migolo imeneyi. Chotsalacho, alamu anavomera okha, ndi dzina. Mu November 2023 botolo limodzi la Macallan ya 1926, yomwe inakhala mu mgolo zaka 60 ndipo anatulutsa mabotolo 40 okha, linagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London pa mtengo woposa mapaundi 2 miliyoni. Dzina likafika pamenepo, ngakhale ang'ono ake amayenda monyada. Sitinaitanitse.

Za mtundu, bamani anatichenjeza kuti tisamapusitsidwe ndi kufiira. Lamulo limalola kuthiramo kalameli wopatsa mtundu, kotero wisiki yakuda bii si umboni woti ndi yakale kapena yochokera mu mgolo wa sherry. Ena amalemba pa botolo kuti sanathiremo kanthu.

Kenako alamu anati tiwoloke nyanja tipite ku Islay. Amatchula kuti "Aila", ine ndinali nditawerenga kale mokweza mmene amalembera, bamani n'kuyang'ana kumbali mwaulemu. Anaitanitsa Laphroaig 10 ndi Lagavulin 16 kuti tizisinthana. Nditangoyandikiza mphuno pa Laphroaig ndinabweza mutu. Fungo la mankhwala a pachilonda, la phula, la chingwe chonyowa. Ndinati achimwene, iyi mwathira kuchokera m'bokosi la mankhwala? Chinsinsi chake ndi peat, dothi lakuda la m'madambo lomwe ndi zomera zowola kwa zaka zikwizikwi. Amalikumba, kuliumitsa, n'kumalisonkha poumitsa chimera, utsi wake n'kulowerera mu balere. Utsi womwewo umapulumuka potcheza, umapulumuka zaka khumi mu mgolo, mpaka kudzandipeza ine pa kauntala.

Koma Lagavulin ija, abale. Poyamba utsi, inde, koma pansi pa utsiwo pali kutsekemera kwina kolemera, kochedwa kuchoka, ndipo nditathiramo timadontho titatu ta madzi inatseguka ngati munthu wamanyazi amene wazolowera malo. Ndinakhala nayo mphindi makumi awiri osalankhula. Mafakitale awiriwa ndi oyandikana pagombe la kummwera kwa chilumbacho, Laphroaig ya 1815, Lagavulin ya 1816, ndipo fakitale ina ya Ardbeg ili chapompo. Mtunda woyenda pansi, koma kakomedwe kosiyana chonchi. Mtengo wa Lagavulin unali pafupifupi kawiri wa mlingo wathu uja, kutali kwambiri ndi Macallan, ndipo pa zonse zomwe ndalawa lero ndi yokhayo yomwe ndikuiganizirabe.

Chomwe chinasokoneza masamu anga a zaka ndi Springbank 10. Zaka khumi zokha, koma inali yodula kuposa ma 15 angapo. Bamani anati botolo limenelo akalipeza amachita ngati watola. Tauni ya Campbeltown kale inali ndi mafakitale pafupifupi 30, lero atsala atatu: Springbank, Glen Scotia ndi Glengyle. Springbank, ya 1828, imapangabe chimera chake chonse yokha, kuyala balere pansi n'kumatembenuza ndi manja, ndipo imatulutsa yochepa pomwe oifuna ndi ambiri. Nkhani yofananayo ili pa Yamazaki 12 ya ku Japan, yomwe mtengo wake unali kupikisana ndi ma 18 a ku Scotland. Fakitale ya Yamazaki ndi ya 1923. Anthu a ku Japan atachepetsa kumwa wisiki m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, opanga nawo anachepetsa kutcheza. Dziko litadzaikonda cha m'ma 2015, m'nyumba zosungira munalibe yakale yokwanira, ndipo wisiki ya zaka 12 simungaifulumize ngakhale mutalira. Za ku India ndi Taiwan, Amrut ndi Kavalan, zambiri zinalibe nambala ya zaka. Kumeneko kumatentha, wisiki imakhwima msanga, koma angelo akenso amamwa mopanda chisoni.

Pa shelefu ya kamakwerero ija panali botolo la Port Ellen, ndipo m'kabuku m'malo mwa mtengo analemba kuti tifunse. Fakitaleyi, ya ku Islay komweko, inatsekedwa mu 1983 wisiki itachuluka kuposa ogula, chaka chomwecho ndi fakitale ina yotchedwa Brora. Kwa zaka 40 toti iliyonse yomwedwa inali yosabwereranso. Anaitsegulanso mu 2024, koma yakaleyo ndi yakale. Alamu anafunsa mtengo monong'ona, bamani anayankha monong'ona, alamu n'kumwa madzi.

Ndinamufunsa bamani mmene amaikira mitengo. Anati botolo la 700 ml limatulutsa toti 28 za 25 ml, ngati dzanja silinanjenjemere. Amagawa mtengo wa botolo ndi 28, n'kuonjezapo lendi, malipiro, msonkho ndi matambula osweka. Pa zotchipa amaonjeza kwambiri chifukwa zimayenda, botolo limatha sabata imodzi. Pa zodula amaonjeza pang'ono, apo ayi palibe angakhudze. Vuto lake ndi loti botolo lodula limatha kukhala miyezi yambiri lili lotsegula, ndalama zitagona pa shelefu, ndipo likatsala pang'ono mpweya wa m'botolomo umayamba kufooketsa fungo. N'chifukwa chake akaona kuti latsala zala ziwiri amatsitsa mtengo kuti lithe. Alamu anatchera khutu pamenepo, ndipo ndikudziwa kuti aziyamba ayang'ana mabotolo otsala pang'ono asanatsegule kabuku.

Tsopano kupusa kwanga. Kabukuko kanali ndi mizere iwiri ya mitengo, wa 25 ml ndi wa 50 ml. Alamu atapita panja kukayankha foni, ndinati ndiwadabwitse, ndiwagulire Aberlour A'bunadh yomwe ankaitchulatchula. Bamani anafunsa kuti, "Yaikulu, bwana?" Ine poganiza kuti akunena tambula ndinati eya, ziwiri. Imeneyi ndi ija saithira madzi poika m'botolo, imabwera ndi mphamvu ya mu mgolo, cha m'ma 60 peresenti. Kukamwa koyamba misozi inalengeza. Alamu pobwera anapeza matambula awiri ofika pakati ndi ine ndikutsokomola. Anaseka mpaka kugwira kauntala, kenako anathira madzi pang'onopang'ono mpaka inafatsa n'kuyamba kununkhira zipatso zouma ndi zokometsera. Yanga sindinamalize. Bilu itabwera, matambula awiri amenewo anali pafupifupi theka la zonse, ndipo mlandu unali wanga ndekha, poti mnyamatayo anafunsa bwinobwino.

Galimoto tinaisiya dala, tinabwerera pa takisi. M'njira alamu amandifotokozera za Talisker ya ku chilumba cha Skye ndi Highland Park ya ku Orkney, ati ulendo wina tiyambire kumeneko, ine ndikungogwedeza mutu. Kuseri kwa lisiti ndalemba Lagavulin 16, ndipo pansi pake, ndi zilembo zikuluzikulu, 25 ml.