Tsiku la ofu ku Kalk Bay

Lachiwiri. Lero kuntchito anatipatsa ofu, ndiye m'malo mochapa zovala zimene zaunjikana pakona paja, ndinakwera sitima ku Wynberg kulowera ku Kalk Bay. Zaka zitatu ndili mu Cape Town muno, koma nyanja ndimangoionera patali, ine mwana wa ku Nkhotakota. Zamanyazi.

Mpaka ku Muizenberg palibe chonena: mipanda, nyumba, aliyense maso pa foni. Koma mukangodutsa pamenepo njanji imatsata m'mphepete mwenimweni mwa madzi, moti mafunde amakhala ngati alowera pawindo. Ku St James kuli tinyumba tamatabwa topaka utoto wowala, tija amatijambula pa mapositikhadi. Kenako Kalk Bay, makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera m'tauni, koma phokoso lonse lija ziii. Sitima inayamba kufika kuno mu 1883, ndipo mudziwu unangopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, msewu umodzi ndi njanji basi.

Ndinalunjika kudoko. Chinayamba kundilonjera ndi fungo, lomwe lija la pagombe kwathu asodzi akamakocheza. Chakumasana maboti amatabwa anayamba kulowa limodzilimodzi, kulambalala kansanja kowunikira kumapeto kwa khoma. Nsomba amangoziponya pasimenti, wogulitsa n'kumakuwa mtengo. Yambiri inali snoek, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu kapena kuposa, mano ngati singano. Usipa wathu ungakhale nyambo chabe pamenepa. Amagwira ndi mbedza ndi chingwe chapamanja, ndipo zikhatho za abambo amenewa zikuchitira umboni.

Pamatebulo otumbulira nsomba ndinaima nthawi yaitali. Mayi wina wachikulire ankang'amba snoek kumsana, kuitambasula ngati buku, kuthira mchere, kwinaku akukalipira nyama zija amati seal. Zimafanana ndi katumbu koma ndi zazikulu, ndipo zimakwera pamtunda kudzadikira matumbo. Ulesi wake! Ina inagona pakati pa njira, alendo n'kumaizungulira ndi makamera. Nditawafunsa kuti, “Anti, mwakhala kuno nthawi yaitali?” anangoloza ndi mpeni kumafulatsi a asodzi ali chakuphiri, n'kunena kuti anabadwira pomwepo.

Mafulatsi amenewo ali ndi mbiri. Mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Kalk Bay ndi dera la azungu okha. Mabanja ena anachokadi, koma asodzi ambiri anakakamira ndipo sanasamutsidwe, pamene anzawo a ku Simon's Town, chapafupi pomwepa, anawatutira ku Ocean View. Ena mwa asodzi a ku Kalk Bay makolo awo anali amalinyero ochokera ku Philippines amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1800. Ngakhale dzina la malowa ndi la ntchito: kalk m'Chidatchi ndi njereza, imene kale ankaipeza powotcha zigoba za nkhono za m'nyanja.

N'chifukwa chake ndimaseka anthu akamati kuno n'kopumulira. Opumawo ndife obwera pa sitima. Amene anadzuka usiku kukalimbana ndi mafunde alibe nthawi yoyang'ana kukongola.

Kumsewu waukulu sindinachedweko. Mashopu a zinthu zakale, mabuku, khofi wa mtengo woti kwathu mugula nawo ndiwo za masiku angapo. Mbale zadzimbiri zonga zimene agogo anataya kudzala, kuno zili pashelefu ndi mtengo wake. Ndinagula tchipisi ndi nsomba yokazinga n'kukadyera pakhoma la doko, mbalame zikundiyang'ana ngati ndili nazo ngongole.

Ndinayesako kuviika mapazi padziwe la Dalebrook, lija anamanga ndi khoma kuti mafunde azidzaza okha. Madzi ake kuzizira! Agogo ena achizungu ankasambira mosatekeseka, ine ndinatuluka msangamsanga ngati ndaponda moto.

Cha m'ma 4 koloko mphepo ya kum'mwera chakum'mawa inayamba kukuntha, mwera weniweni, ndipo maboti anayamba kugundana pazingwe. Ndinabwerera kwa Anti aja kukagula snoek imodzi, anandikulungira m'nyuzipepala n'kundichenjeza za minga yake. M'sitima mnyamata wina anasuntha pampando chifukwa cha fungo. Panopa theka ili pamoto ndi tomato, madzi a nsima atsala pang'ono kuwira, ndipo zovala zija zikadali pakona.