Holo imodzi anaigulitsa kawiri, mpira n'kugwetsa siginala

Amene mumagwira ntchito m'maholo a masewera kuno ku England simufuna kuti ndikulongosolereni mmene sabata imayendera. Lolemba kukolopa zimene a kumapeto a sabata anasiya, Lachiwiri kuyeza madzi a m'dziwe losambira n'kulemba m'buku, Lachitatu ana asukulu ndi phokoso lawo, Lachinayi kuyesa alamu ya moto n'kudikira wokonza lifiti. Zonsezo zinayenda monga mwa masiku onse, ndipo wa lifitiyo sanabwere, monganso mwa masiku onse. Chandilembetsa ndi cha Lachisanu usiku, chifukwa mpaka pano mtima sunatsike.

Holo yathu yaikulu inabukidwa chaka chatha ndi kalabu ya anthu opanga tisitima, kuti achite chionetsero chawo Loweruka ndi Lamulungu, ndipo Lachisanu kuyambira 4 koloko madzulo ikhale yawo yomangira zinthu. Kuofesi kwathu amangoti "azigogo a zidole aja". Mavuto onse anabadwira m'mawu amenewo.

Anthu awa sabwera ndi zidole za m'sitolo zimene mwana amazunguliza pamkeka. Iwo amati finescale. Amatenga siteshoni yeniyeni, mwina imene inatsekedwa m'ma 1960, n'kuichepetsa kuti futi iliyonse ikhale 4 mm, osabera ngakhale pang'ono. Njanji zenizeni za kuno zimatalikirana 1435 mm, ndiye zawo zimatalikirana 18.83 mm, zimene amazitcha P4. Tisitima togula m'sitolo, ta OO, timayenda pa 16.5 mm, njanji zopanikizana kuposa mmene ziyenera kukhalira, chifukwa nkhondo yachiwiri isanayambe timamota tamagetsi sitinkakwana m'thupi la kasitima ka ku Britain, ndiye opanga anakulitsa thupi n'kusiya njanji zili zopapatiza. Kusiyana kwa mamilimita awiri ndi pang'onoku ndi kumene anthu amenewa amathera moyo wawo. Ena amaima pakati, pa 18.2 mm, amati EM. Enanso amatsika mpaka 2 mm pa futi, njanji za 9.42 mm, zoti iwe wa maso abwino umachita kuwerama kuti uone mawilo.

Ine manambalawa ndimawadziwa chifukwa amakhudza ntchito yanga. Kamlomo ka wilo ka P4, kamene kamagwira njanji, sikafika ngakhale theka la milimita. Pansi pakangopendekeka, kasitima kagwa. Holo ikazizira usiku n'kutentha mwadzidzidzi m'mawa, njanji zimafutukuka, timipata timene anasiya dala timatsekeka, magetsi n'kugundana, zonse zii. Chionetsero chilichonse chimabwera m'zidutswa za matabwa, zimaima pa miyendo, amazilumikiza ndi mabawuti, kenako munthu amagwada ndi levulo kwa ola lathunthu akuika timapepala pansi pa miyendo. Akamapempha holo kuyambira Lachisanu, sikuti akunyada. Akalabu analemba zonsezi m'kalata yawo: holo yonse, kutentha kosasinthasintha, mlonda wa usiku.

Lachitatu ndikuyang'ana mabukingi pa kompyuta ndinaona kuti theka la holo yomweyo agulitsanso kwa anyamata a mpira wa anthu asanu, Lachisanu 7 mpaka 9 koloko usiku. Ndinapita kwa abwana. Anandiyankha osachotsa maso pa foni: "Tidzangotsitsa katani." Mumaidziwa katani imeneyi. Pamwamba neti, pansi chipepala cholemera, ndipo siimangidwa pansi, imangolendewera. Imaletsa mpira kuwoloka, koma mpira ukaimenya mwamphamvu imatukuka kulowa mbali inayo kuposa mkono. Ndinawauza zimenezi pakamwa, ndinalembanso imelo. Yankho linali loti bajeti ya mwezi uno yatsika, bukingi iliyonse ndi yofunika. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pano wogwa sanali pusiyo.

Pa rota ya Lachisanu tinalipo awiri: ine ndi mnyamata wa ku ejensi amene anali asanadziwe ngakhale kumene kuli makiyi a sitolo. Ntchito ngati imeneyi kale tinkaigwira anthu anayi. Mlonda wa usiku anamufufuta osauza aliyense.

Mavani anayamba kufika 4 koloko isanakwane. Ogulitsa zipangizo anawaika m'chipinda cha pamwamba, ndipo poti lifiti ndi yakufa, azibambo a zaka 70 ankakwera masitepe atanyamula mabokosi a zitsulo. Ine ndi mnyamata uja tinkathamanga uku ndi uku, matebulo, zotchingira anthu, maekisitenshoni, kuona zomata za PAT, zosonyeza kuti chamagetsi chinayesedwa ndipo n'chotetezeka, pa chingwe chilichonse. Pofika 7 koloko theka limodzi la holo linali litadzaza kwambiri, chifukwa onse anaunjikana kumeneko kudikira kuti ampira atuluke. Pulani imene akalabu anajambula inali itafa kale.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi katani, kunali abambo ena achikulire ndi amayi akunyumba kwawo. Anabweretsa siteshoni yaing'ono ya kumudzi, ya nthawi ya sitima zamalasha. Ndinawapempha kuti asunthire mkati, koma kunalibe kosunthira. Ndinaika mabenchi awiri pakati pa iwo ndi katani, ndinapitanso kwa anyamata aja kuwapempha kuti asamenye mpira cha kumeneko. Anavomera ndi mutu, koma mpira ukatentha ndani amakumbukira?

Cha m'ma 8:30 ndinali kukhomo lotsitsira katundu pamene ndinamva phuu, kenako kachitsulo kakulira pansi. M'holo monse munangoti zii, mbali ya tisitima yokha. Mbali inayo ankakuwa kuti mpira ubwerere.

Katani inatukuka pamwamba pa mabenchi n'kukankha thabwa lakumapeto, limene linali lisanamangidwe mabawuti. Thabwa linapendama. Injini imodzi inatsetsereka n'kugwa pansi, ndipo siginala yaitali ya mikono itatu imene inaima polowera siteshoni inathyokera patsinde. Siginala imeneyo sinali yogula. Abambowo anaipanga okha ndi tizitsulo ta mkuwa, kuwotcherera kamodzikamodzi, makwerero ake ndi tinyali take, ndipo mkono uliwonse unkakwera ndi kutsika pokokedwa ndi kawaya kodutsa pansi pa thabwa. Injiniyonso anaimanga okha, ndi timasipuling'i pa mawilo kuti izitsata njanji.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anagwada pansi movutikira, n'kuyamba kutola tizidutswa kuika m'kachitini ka fodya, amayi aja akuwaunikira ndi foni. Anzawo anabwera n'kuima mozungulira, osaponda paliponse, wina aliyense maso pansi kufunafuna. Wina anapeza kachumuni ka injini pansi pa tebulo la eni ake ena. Ine ndinagwada nawo limodzi. Nditawapepesa anangoti, "Si iwe, mwana wanga. Ndinakuona ukuika mabenchi."

Ndinadzuka pamenepo, ndinakathimitsa magetsi a mbali ya mpira. Anyamata aja anandizungulira, akuti talipira mpaka 9 koloko, ndipo ankanena zoona, analipiradi. Iwonso anagulitsidwa chinthu chomwe sichinali cha ogulitsawo. Ndinawauza kuti akadandaule kuofesi, dzina langa ndi ili. Abwana ndinawaimbira, foni inangolira mpaka kukalowa kosiya uthenga. Wachiwiri wawo anali pa holide.

Kenako fomu yolembapo za ngozi. Funso loyamba: kodi alipo wavulala? Ayi. Lachiwiri: mtengo wa katundu wowonongeka. Ndinawafunsa abambo aja. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti zitsulozo sizinali zodula, mwina mapaundi ochepa chabe. Nanga zaka zimene anakhala pa tebulo la kukhitchini usiku ndi galasi lokulitsa zinthu uzilemba pa mzere uti? Fomu yathu ili ndi malo a bondo lothyoka ndi foni yobedwa basi.

Ampira atachoka anthu anayamba kusamutsa zimene anali atamanga kale kuti zipite m'malo ake enieni, kutanthauza kumasula mabawuti, kunyamula, kugwadanso ndi levulo. Cha m'ma 11 koloko wapampando wa kalabu anandifunsa kuti mlonda afika nthawi yanji. Ndinawauza zoona. Nkhope yawo inagwa, ndipo anandikumbutsa za ku Stamford, ku Lincolnshire. Mu May 2019 achinyamata anathyola holo ya sukulu usiku woti mawa kuli chionetsero cha Market Deeping Model Railway Club, n'kuphwanya zonse zimene anthu anayala. Anthu anasonkha ndalama zoposa £100,000, woimba Rod Stewart yekha anapereka £10,000, koma ndalama sizibweza ntchito ya munthu amene maso ake anatha kale. Kuyambira pamenepo palibe kalabu imene imasiya katundu m'holo usiku ndi mtima uli m'malo.

Malamulo athu salola mlendo kugona m'nyumbamo, komanso salola wantchito kutsala yekha usiku. Ndinazungulira nawo wapampandoyo khomo ndi khomo, zenera ndi zenera, anadzionera okha ndikutchera alamu. Makina otenthetsa holo amazima okha 10 koloko kuti tisawononge gasi. Ndinawasintha kuti azingoyaka pang'onopang'ono mpaka m'mawa, ndipo ndinalemba m'buku kuti ndasintha ndine. Ofuna kundifunsa andifunse.

Loweruka ndinatsegula kusanache bwino. Abambo aja anali kale pakhomo. Anakhala usiku kumene anagona akuwotcherera siginala ija pa kathebulo ka pambali pa bedi. Inaima, koma mikono yake sinkayendanso, ndipo injini inakhala m'bokosi masiku onse awiri. Anzawo anawabwereka ina.

Chionetserocho chinayenda bwino, ndipo pamenepo ndiye pamandiwawa kwambiri, chifukwa kuofesi aziti mwaona, palibe chinalakwika. Anthu anadzaza. Tisitimato sitithamanga mozungulira ayi, timayenda pang'onopang'ono motsatira ndondomeko ya nthawi ngati sitima zenizeni, injini kusiya mabogi apa, kukatenga ena uko, munthu akulumikiza timaunyolo ndi kangowe kopyapyala ngati singano. Magetsi anazima kamodzi masana pamene amayi a tiyi analumikiza ketulo yaikulu ya 3 kW pa ekisitenshoni imodzi ndi zinthu zina. Ndinathamanga ku bokosi la magetsi, ndinawasamutsira ku soketi ya kukhitchini, zinatha.

Bambo wina wa pa tebulo la EM anandifunsa kwathu. Nditati Malawi, sanafunse za nyanja ngati ena onse. Anati, "Njanji zanu ndi za mafuti atatu ndi theka, 1067 mm," n'kuwonjezera kuti sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene ife timati Nsanje. Anawerengera pamtima kuti pa muyeso wawo njanji zathu zingakhale 14 mm ndendende. Ndinaseka koyamba kuyambira Lachisanu.

Abwana anafika cha m'ma 11 koloko, atavala bwino, n'kujambula zithunzi zoika pa Facebook kuonetsa mmene holo yathu imatumikirira anthu a m'dera. Nditawakokera pambali anati awerenga fomu, n'zomvetsa chisoni, koma akalabu ali ndi inshuwalansi yawo. Kenako anapita kwa abambo aja n'kuwapatsa kapepala kolowera ku jimu ulere mwezi umodzi. Munthu woti kudzuka pansi amachita kugwira tebulo, ndipo kwawo n'kutali maola atatu pa galimoto. Amayi aja ndi amene analandira, n'kukapinda bwinobwino, osanena kanthu.

Lamulungu madzulo anapasula zonse mofulumira modabwitsa, anasesa okha, anatola ngakhale timawaya todukaduka. Palibe gulu limene linandisiyirapo holo yoyera chotere. Wapampando anandigwira chanza n'kundiuza kuti chaka chamawa akufuna holo ina.

Lolemba m'mawa ndinapeza maimelo awiri. Yoyamba ikufunsa chifukwa chimene gasi anayakira usiku wonse Lachisanu ndi Loweruka. Yachiwiri ikuti anyamata a mpira abwezeredwa ndalama za theka la ola, ndipo ndikafotokoze kuofesi chifukwa chimene ndinathimitsira magetsi. Za maola anga owonjezera palibe imene yatchula. Ndasindikiza imelo yanga ya Lachitatu ija, makope awiri, ndipo woimira yuniyoni wati tidzalowa limodzi Lachinayi.