Ulendo wa ku msika wa Soweto: seleniyamu m'mbale ya m'tauni

Loweruka lapitali alangizi a zakudya ochokera ku Mtendere ndi ku Chawama tinakumana m'mamawa pa msika wa Soweto kuti tione kumene banja la mu Lusaka limapeza seleniyamu, mchere wa m'zakudya umene thupi limafuna pang'ono chabe. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 55 patsiku (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), mayi woyembekezera 60, woyamwitsa 70. Seleniyamu akapereŵera, chithokomiro sichigwira bwino ntchito ngakhale mchere wa ayodini uli m'nyumba, ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka.

Tinayambira kwa ogulitsa ufa. Tinafunsa kumene chimanga cha m'timapepala ta pamela chinalimidwa, koma ogulitsa amadziwa dzina la chigayo chokha. Vuto lagona pomwepo. Chimanga chimayamwa seleniyamu m'nthaka, ndipo nthaka ya asidi, monga ya kumpoto kwa Zambia kumene mvula imachuluka, imamuumira moti mizu simupeza. Ku Malawi chimanga cha m'makande a chigwa cha Shire chinapezeka ndi seleniyamu wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa cha m'madera ena ambiri. Ufa wa breakfast ndi wa roller amasiyana maonekedwe, koma diso silingakuuzeni za nthaka. Finland inathira seleniyamu mu feteleza kuyambira 1984. Mayi wogula pamela alibe mwayi wotero.

Chimene iye angasinthe ndi ndiwo. Tinakhalitsa pa mabenchi a kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu, chifukwa nsomba ndi zimene zimadalirika. Dzira limodzi lili ndi mamaikulogalamu pafupifupi 15. Repu ndi chibwabwa n'zabwino pa zina, koma pa seleniyamu zimangotsata nthaka monga chimanga.

Chimalakwika ndi kagawidwe. Kamulu kamodzi ka kapenta kamalowa m'poto wa anthu asanu ndi mmodzi, madzi ndi tomato n'kuchuluka, bambo n'kupatsidwa nsombazo, ana n'kumangosusa msuzi. Tinagwirizana kulangiza kuti kapenta wouma azisinjidwa n'kuthiridwa m'phala la mwana kapena m'ndiwo zamasamba, aliyense alandireko.

Ena anafunsa za mapiritsi. Malire a munthu wamkulu ndi mamaikulogalamu 400 patsiku. Kupyola apo kwa nthawi, tsitsi limathothoka, zikhadabo zimasweka, mpweya umanunkha adyo. Kuphatikiza mabotolo awiri atatu a mavitamini osawerenga zolembedwa ndiyo njira yofikira pamenepo.

Mlangizi aliyense wapatsidwa makomo asanu oti alembe ndiwo zimene adya kwa masiku 7, ndi amene wadya nsomba yeniyeniyo.