Kuyendetsa lesitilanti mu Blantyre nthawi ya mliri

Boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Covid-19, maofesi ambiri anayamba kugwira ntchito mosinthana, ndipo odya nkhomaliro m'tauni anachepa nthawi yomweyo. Khoti linaletsa lockdown (lamulo loti anthu azikhala pakhomo) ya masiku 21 mu Epulo, koma makasitomala anali atachita kale mantha. Zikatere, chimene chimagwetsa lesitilanti msanga ndi ndiwo zotsala m'poto.

Pa lesitilanti yanga ndimayamba ndi kuchepetsa mitundu ya zophika. Zimatsala nyemba, nkhuku ndi masamba. Chambo ndimagula pokhapokha wina akaitanitsa, chifukwa magetsi akazima usiku wonse, ndalama yaolera mufiriji. Nsima ndimaphika kawiri m'poto wamng'ono.

Pakhomo pamakhala ndowa ya mpopi ndi sopo. Beseni losambiramo anthu onse ndimalichotseratu. Madzi osamba m'manja ndimathira supuni yaikulu imodzi ya klorini waufa wotchedwa HTH m'malita 20. Opukutira matebulo ndi zitseko, masupuni awiri. Ndimasungunula m'mawa uliwonse n'kuvundikira, poti klorini akakhala padzuwa amatha mphamvu ngakhale fungo likumvekabe. Matebulo amatalikirana mita imodzi kapena kuposa, ena ndimawatulutsa pakhonde.

Ntchito yaikulu ili pa chakudya chotumiza. Maoda ndimalandira pa WhatsApp mpaka 10 koloko, ndipo wakabaza sanyamuka ndalama isanalowe pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndimaphatikiza maoda a njira imodzi: Ginnery Corner ndi Chichiri ulendo umodzi, Limbe wake. Kutumiza mbale imodzi ku Chilomoni ndi kugwirira ntchito mwini njinga. Mitanda ya nsima ndimakulunga ikadali yamoto, payokhapayokha. Ikakhudzana ndi msuzi panjira imafika ili phala. Msuzi umapita m'kachidebe kotseka bwino. Chipisi nacho chimafuna mpweya, ndiye ndimaboola chivundikiro, apo ayi nthunzi imachifewetsa chisanafike.

Mu Januwale 2021 kutabwera lamulo loletsa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku, chakudya chamadzulo chinasiya kupindula. Pa lamulo lotere ndimatseka 7 koloko, kuti ophika a ku Ndirande ndi Bangwe apeze minibasi, zomwe nthawi imeneyo zinkanyamula anthu ochepa pa mtengo wokwera.

Antchito sindiwachotsa. Ndimawagawa magulu awiri osakumana, kuti mmodzi akadwala khitchini yonse isatsekedwe. Wotsokomola kapena wotentha thupi amakhala kunyumba, malipiro ake osadulidwa. Mukamadula, mawa lake adzabisa chifuwacho n'kuima nacho pambali pa poto.

Kwa alandilodi ndimapita mwezi usanathe, nditanyamula kabuku ka malonda, kuti tigwirizane lendi yochepera ya miyezi itatu, ndipo timalemberana.