Geni yathu ya makobidi a Aroma

Anthu akamva kuti ine ndi mayi akunyumba timagulitsa ndalama zakale za Aroma kuno ku England amadabwa kuti zinayamba bwanji. Zinayambira kutchalitchi. Abusa ankalalikira Mateyu 22, paja Yesu anauza Afarisi kuti amuonetse ndalama ya msonkho, ine mumtima ndimangoti kodi ndalamayo inkaoneka bwanji? Ndinaisaka mpaka ndinakaigwira ndi manja angawa pamsika wa makoini, kandalama ka siliva kongofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, kosafika magalamu 4, dzina lake denarius.

Inali ya Tiberius, Kaisara wa Aroma amene analamulira kuyambira chaka cha 14 mpaka 37 AD. Kumaso kuli mutu wake ndi zilembo TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS, kutanthauza kuti iyeyo ndi mwana wa Augustus amene Aroma anamusandutsa mulungu, kumbuyo mayi wakhala pampando ndi mawu oti PONTIF MAXIM, mkulu wa ansembe. Thupi linachita tsembwe abale. Myuda woopa Mulungu kumayenda ndi zimenezi mthumba!

Mpamba unali wa mashifiti ausiku. Koyamba ndinapsa, ndinagula ndalama zitatu kwa munthu wina pa intaneti, kuika pasikelo ziwiri zopepuka, mphepete muli kamzere kosonyeza kuti anachita kuthira muchikombole. Kuyambira pamenepo sikelo ndi galasi lokulitsa sizichoka patebulo, ndipo ndalama yosadziwika kumene yachokera sitigula, poti kuno lamulo la Treasure Act la 1996 limati ukafukula ndalama zasiliva zakale ziwiri kapena kuposerapo malo amodzi ukanene.

Mayi akunyumba ndi amene ali ndi diso la milungu ya pandalamazi, amangoona chomwe mulunguyo wanyamula. Chisoti ndi mkondo ndi Minerva, wamapiko wanyamula nkhata ya masamba ndi Victoria, chiombankhanga ndi mphenzi ndi Jupiter. Ine yondikomera ndi ya Julius Caesar ya 49 BC, njovu ikuponda njoka, kuseri kuli zida za wansembe, chipande chothirira nsembe, chowazira madzi, nkhwangwa ndi chipewa.

Makasitomala ambiri ndi azibusa ofuna ya Tiberius yomweyo. Timawauza chilungamo kuti akatswiri ambiri amaloza imeneyi kuti ndiyo anamuonetsa Yesu koma Baibulo silinatchule kuti mutuwo unali wa Kaisara uti. Ena amabwerera, ena amagulabe nkukaizunguliritsa mumpingo kuti aliyense aigwireko.