Bondo la amalume ndi chithunzi cha MRI

Tangotsika minibasi pa Chitakale kuchokera ku Blantyre, amalume nkhope ili yakugwa. Adokotala ati pa chithunzi cha MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi) chicherewecherewe cha m'bondo chomwe anachita opaleshoni chija sichinadzaze bwino. Komatu munthu yemweyu dzulo wakwera chitunda cha kumunda wa tiyi wopanda ndodo!

Adokotalawo atifotokozera kuti chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake chimapola mochedwa, mwina chaka kapena kuposerapo. Ena chithunzi chimaoneka bwino koma bondo likuwawabe, ena n'ngati amalumewa. Anawafunsanso ngati bondo limatupa madzulo, n'kuwauza anjute aone.

Ine zandikwanira kuti usiku akugona osabuula. Koma iwo akakamira pa chithunzicho, mpaka akuti fiziyo ya mawa (masewera a kuchipatala olimbitsa bondo) sapita. Azakhali, alankhuleniko chonde.