Mmene ndinaphunzirira kufika pansi pa ubongo

Ukabwera ku Johannesburg kudzaphunzira maopaleshoni a ubongo, drill sugwira msanga. Amayamba akupatsa chigaza chouma, chodulidwa pamwamba, ndi kawaya kofewa. Kawayako umakalowetsa m'bowo lililonse la pansi pa chigazacho uku ukutchula chodutsapo: pa foramen ovale nthambi yachitatu ya mnyewa wa trigeminal, pa foramen spinosum mtsempha wa middle meningeal, pa jugular foramen minyewa 9, 10 ndi 11. Ine ndinkachita zimenezi madzulo ku Parktown ndikaweruka ku wodi, mpaka zala zinazolowera.

Kenako ndinalowa mu labu. Mmenemo muli mitu ya anthu amene anapereka matupi awo kuti tiphunzirirepo, mitsempha ya magazi itathiridwa utoto, ina wofiira ina wabuluu, monga ankachitira dokotala wa maopaleshoni a ubongo Albert Rhoton ku Florida. Kwa ife oleredwa ku Malawi, kugwira thupi la malemu si nkhani yamasewera, ndipo mantha aulemu amenewo sindifuna adzandichoke.

Njira yoyamba yofikira pansi pa ubongo inali ya pterional, yolowera m'mbali mwa mutu, imene dokotala Gazi Yaşargil anaitchukitsa ali ku Zurich. Mutu umaumanga pa chipangizo cha mano atatu, n'kuupendeketsa mpaka fupa la patsaya likhale pamwamba. Kucheka umayambira kutsogolo kwa khutu, pafupi penipeni, n'kukwera kuseri kwa malire a tsitsi. Ukatalikira khutu udula kanthambi ka mnyewa wa nkhope, munthuyo osadzakwezanso nsidze mbali imeneyo. Kanthambiko ndinakafunafuna ndi maikulosikopu mpaka kukaona m'mafuta a pamwamba pa mnofu wa temporalis, kowonda zedi.

Phunziro lenileni linali pa sphenoid ridge, fupa lotumphuka m'kati mwa chigaza kuseri kwa diso. Mkulu wina wa kwathu, amene ananditsogolera pa maphunzirowa, anaima pambali panga nati: "Achimwene, fupalo musalimvere chisoni. Mukalisiya, amene adzavutike ndi ubongo, chifukwa mudzaukoka kuti muone." Ndinati, "Ndamva, achikulire," n'kupitiriza kupala mpaka panasalala. Nditatsegula sylvian fissure, mpata wa pakati pa zigawo za ubongo, mnyewa wa maso ndi mtsempha wa carotid, wopititsa magazi ku ubongo, zinaonekera zitagundizana, popanda kukankha ubongo n'komwe. Njira zonse za pansi pa chigaza zagona pamenepa, ndipo amene wafulumira kutsegula dura, chikopa chokuta ubongo, fupa lisanathe, kwa ine ndiye kuti sanaphunzitsidwe bwino.

Kafupa ka anterior clinoid ndiye koopsa. Kakhala pafupi penipeni ndi mnyewa wa maso ndi carotid. Umakapala m'kati ndi drill ya mutu wa diamond, mnzako akuthira madzi osalekeza poti kutentha kokhako kutha kuchititsa munthu khungu. Kakatsala kopyapyala ngati chigoba cha dzira, umazimitsa drill n'kukabenthula ndi kachitsulo.

Njira ya kuseri kwa khutu, ya retrosigmoid, sinandivute kwambiri nditadziwa pokumana mitsempha ikuluikulu ya magazi ya transverse sinus ndi sigmoid sinus. Yolowera m'mphuno kukafika pa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, tinaphunzira limodzi ndi madokotala a mphuno ndi makutu. Mmenemo uli ndi endoscope basi, kachubu koonera m'kati, ma carotid ali uku ndi uku, choncho pakati sutayapo.

Ku fiyeta zinthu zimasintha. Ubongo wa munthu wamoyo umagunda, magazi amaphimba malo, ndipo chotupa chimakankhira minyewa kumene buku silinanene. N'chifukwa chake usiku woti mawa opaleshoni ndimakhala ndi zithunzi za CT ndi MRI, n'kujambula papepala kumene ndikuganiza kuti mnyewa uliwonse wathawira. Poyamba ankandilola kutsegula khungu ndi kutseka. Pambuyo pake anandipatsa sphenoid ridge. Clinoid ndikupalabe dokotala wamkulu atayang'ana nane pa maikulosikopu yomweyo, ndipo akati "imani", ndimachotsa phazi pa pedulo nthawi yomweyo.